Mabuleki a Bizwick

Miphika yobwereka, isanu ndi iwiri, inkafunika kutsukidwa n'kubwezedwa kwa eni ake. Mabenchi a kutchalitchi anali akadali pansi pa mtengo wa mango. Phulusa la moto wa pamaliro linali lisanawoledwe, mbuzi zinkalira m'khola, mumgolo munalibe madzi ngakhale oti nkhuku inyowetse mlomo, ndipo nsawa zimene anthu anatola pamsewu tsiku la ngozi zinali zikadali m'matumba, zosakanikirana ndi mchenga. Nelia ankaziwerenga ntchito zonsezi mumtima, ali khale pamphasa pamene anamuuza kuti akhale. Linali tsiku lachiwiri chiikireni m'manda mwamuna wake, Bizwick, ndipo manja ankamuyabwa.

"Khalani pansi, amake Alinafe," anatero apongozi ake, aNasakala, ataona kuti akufuna kudzuka. "Ntchito zili ndi eni ake sabata ino. Yanu ndi kulira."

Koma ntchito imeneyo ndi imene inkamukanika. Amayi a Chigwirizano a kumpingo anaimba mpaka mawu kusasa, achibale ochokera ku Sinda anagubuduka pafumbi, ngakhale Alinafe, mwana wake wa zaka zisanu ndi chimodzi, analira mpaka tulo kumutenga. Nelia yekha maso anali gwa, ouma ngati chikuni. Anthu anali atayamba kale kunong'onezana. Iye ankawamva, koma chimene chinali pachifuwa pake sichinali chisoni chokha. Unali mkwiyo.

Panja, pafupi ndi zenera, mlamu wake Victor ankasimbira amuna anzake za njinga.

"Achimwene aja? Pamtsetse wa Chamwala ankatsika ndi matumba atatu, dzanja limodzi lili m'thumba. Akafuna kuima ankangoumitsa miyendo, tayala n'kulira pamiyala kuti khwee, njinga n'kuima ngati yamva dzina lake. Kuno ku Katete panalibe wina."

Njingayo aliyense m'mudzimo ankaidziwa. Inali ya malemu bambo awo, yakuda, ya kaliyala wamkulu wowotcherera. Fuliwilo yake itatha zaka zapitazo, Bizwick sanagule ina. Anangouza makaniko kuti aiwotcherere, ikhale chinthu chimodzi ndi wilo. Kuyambira pamenepo mapedulo sankapuma. Tayala likazungulira nawonso ankazungulira, ndipo munthu wa miyendo yamphamvu ankatha kuiimitsa pongokaniza mapedulowo. Anthu ankaitcha fikisi. Kwa zaka zonsezo inali ndi mabuleki akenso, mpaka mwezi wa Febuluwale chaka chino, pamene Bizwick anayamba kuyenda nayo handulo ili mbulanda. Anati mabuleki ankangolira kwiikwii n'kumamuchedwetsa.

Loweruka lapitalo, akutsika mtsetse wa Chamwala ndi nsawa zoyamba kugulitsa, tcheni chinagwa. Fikisi tcheni chikagwa, miyendo imangopalasa mphepo. Amene anaona akuti anayesa kuponda tayala ndi patapata, patapata n'kuuluka. Pansi pa mtsetsewo pali kamlatho ka simenti.

"Loweruka tikameta, njinga ndinyamuka nayo," Victor ankapitiriza. "Malume avomera. Kwathu ku Vubwi ikagwira ntchito, chimanga chikudikira kuwoloka malire."

Nelia anadzuka. Apongozi anamugwira nsonga ya chitenje, iye anaisolola pang'onopang'ono n'kukaima pakhomo.

"Alamu."

Amuna onse anatembenuka. Wamasiye satuluka kukalankhula pabwalo la amuna, koma anali atatuluka kale.

"Njingayo tengani, ndi ya kwanu, ine ndili nayo yanga. Koma isachoke pakhomo pano yopanda mabuleki."

Victor anamwetulira ngati mmene munthu amachitira ndi wodwala. Anali bambo wa ana atatu, wamkulu thupi ngati mkulu wake, ndipo ngakhale kaimidwe kanali komweko, moti Nelia anayang'ana kumbali.

"Alamu, izi n'za amuna. Fikisi siifuna mabuleki. Mabuleki ake ndi awa." Anadzimenya pantchafu. "Achimwene eni ake ankatero. Ine ndikaikepo timawaya, anthu aziti mng'ono wawo ndi wamantha? Ndiikwera mmene ankaikwerera mwini wake. Ulemu wanga kwa iwo ndi umenewo."

"Nanga tcheni chikagwa?"

"Lija linali tsoka chabe."

"Mwini wake amene mukumunenayo ali kuti lero?"

A Bernard, malume ake a Bizwick, anayang'ana pansi n'kuyamba kusonkhezera moto umene unali utazima kale.

"Dothi la pamanda silinaume n'komwe," anatero aNasakala kumbuyo kwake, "inu mwayamba kale kumuimba mlandu mwana wanga?"

Nelia anabwerera pamphasa. Kenaka apongozi analankhula chapansipansi, maso ali kukhoma.

"Ndinabereka amuna awiri okha. Mmodzi ndikumusiya kuno. Uyo ndamuuza, ndamugwadira, sakumva. Akuti akufuna alemekeze mkulu wake. Inu mukudziwa mmene alili mapiri a kwathu?"

Nelia anagwedeza mutu kuvomera. Mitsetse ya ku Vubwi anaiona tsiku lopita kukaonekera kwa apongozi. Wa Chamwala unali mwana.

Nkhondo ya mabuleki m'nyumba muno inali ya miyezi isanu. Nelia sukulu anailekera giredi eyiti, koma sankafunikira satifiketi kuti adziwe kuti chinthu chothamanga chimafuna poimira. Iye mwini anagwapo pamtsetse womwewo. Munali m'Febuluwale, mvula ili pakati, akupita kusikelo ndi mwana wake woyamwa, Fanuel, kumsana. Mabuleki a njinga yake anali otha, anafinya koma njinga sinamve. Anadziponya paudzu chammbali kuti mwana asaphwanyike, bondo n'kung'ambika mpaka kuonekera zoyera. Anagona pamphasa masabata awiri. Tsiku limene anadzuka, anapeza njinga yake yatsamira nkhokwe, ili ndi mabuleki ogwira bwino, opakidwa penti yakuda.

"Ndagula," anatero Bizwick.

"Ndi ndalama ziti, mwezi wa njala uno?"

"Mwamuna safunsidwa zimenezo."

Sabata yomweyo ndi imene anaona kuti handulo ya mwamuna wake ili mbulanda.

"Mwaona ndi maso anu mmene ndagwera ine, ndiye inu mukuchotsa anu? Mutu uli bwino?"

"Iwe miyendo yako ndi ya nkhuku. Yanga ndi ya ng'ombe."

Analankhula mofatsa, analalata, anamumana madzi osamba, anakamuneneza kwa akulu a mpingo. Bizwick ankangoseka. M'mawa wa Loweruka lija, akumanga matumba ndi malegeni, Nelia anaima pakhomo atagwira m'chiuno.

"Tsiku limene mudzafere pamtsetsepo, ine sindidzalira. Mumve bwino. Sindidzataya msozi ndi umodzi womwe."

"Udzalira, amake Alinafe," anatero akukoka legeni ndi mano. "Udzalira mpaka a kutali ku Mkaika adzamva."

Anatsina Fanuel pamphuno, anaimba belu kawiri, n'kupita. Mawu otsiriza amene anamva kwa mkazi wake anali amenewo.

Lachinayi m'mawa Fanuel anadzuka thupi lili moto. Amayi ena anati wamasiye sayenda asanamete, atume munthu.

"Munthu ameneyo akamuyamwitsa?" anafunsa Nelia. Anamanga duku, anabereka mwana, n'kutulutsa njinga yake.

Atafika pamwamba pa Chamwala anatsika. Sakanatha. Anaikankha njingayo mtsetse wonse, maso ali pa tayala lakutsogolo. Pakamlatho panali makoko a nsawa oponderezeka ndi ngodya ya simenti yobenthuka kumene. Anadutsa osaima.

Kuchipatala anati ndi malungo, anamupatsa mankhwala. Pobwerera anakhotera kuseri kwa chigayo, kumene a Joel amakonzera njinga pansi pa mtengo. A Joel anakhalapo zaka zambiri ku Lusaka, ndipo chilankhulo cha m'tauni sichinawachoke. Njinga ya Bizwick inali itapachikidwa panthambi ndi chingwe, ngati mbuzi yosendedwa.

"Mayi, pepani, pepani maningi," anatero a Joel akuvula chipewa. "A Victor anabwera dzulo. Ati niongole foloko na wilo chabe. Mabuleki ati ayi."

"Atsopano ndi zingati?"

A Joel anatchula mtengo. Unali mtengo wa nkhuku imodzi.

Nelia anaseka, kuseka koipa kumene kunadzidzimutsa mwana kumsana.

"Nkhuku imodzi. Munthu kusiya ana awiri chifukwa cha nkhuku imodzi. Ayi, si nkhuku, ndi matama. Ankafuna anthu aziimirira m'minda kumuonerera akamatsika. Ndipo inu ndi amene munawachotsa, eti? Ndi sipanala yomweyi? Munamuthandiza kudzikumbira dzenje, lero mukundiuza pepani."

A Joel anapukuta manja pakansanza nthawi yaitali, chala chimodzichimodzi.

"Ananilumbiritsa kuti nisakambe," anatero. "Manje amene ninamulonjeza kulibe, ndipo imwe mukumusenzetsa mlandu umene si wake. Bweretsani njinga yanu."

Anaigwira, anagwada, n'kupala penti ndi mpeni pachitsulo cha buleki yakutsogolo. Pansi pa penti yakudayo panaoneka timadontho titatu tondondozana, tokhomedwa ndi msomali.

Nelia anatidziwa. Tinali pakhasu, pankhwangwa, pandowa, ngakhale pasupuni imene Bizwick ankapita nayo kudimba. Kulemba sankakukonda. Dzina lake pa zinthu zake linali timadontho titatu.

"Tsiku lija munagwa, mawa lake anabwera akukankha njinga ziwiri, uku yanu uku yake," anatero a Joel. "Maso ofiira. Ati, 'Joel, mabuleki ni zingati?' Namuuza. Kupisa m'thumba, munali ya chigayo chabe. Nkhuku ati zinatha na chitopa. Ine nati tenga, tizaonana ukakolola. Anakana, mumudziwa mwamuna wanu. Anakhala pachitsa apo, kuyang'ana njinga ziwirizi, kuyang'ana, kuyang'ana. Ndiye ati, 'Yanga ni fikisi, ningaimitse na miyendo. Ya amake Alinafe ikathawa, alibe pogwira. Samutsa.'"

"Inu osamuuza za tcheni?"

"Ninamuuza, mayi. Kawiri. Ati, 'Nizachikoka tsiku lililonse. Ni mpaka nsawa chabe.'"

Nelia anakhala pachitsa chomwecho.

"Nanga penti?"

"Ati mukadziwa muzakana. Muzawabweza, muzayamba kuyenda pansi na mwana kumsana mpaka kuno kuchipatala, bondo lili choncho. Ati, 'Mkazi wanga nimudziwa. Ni bwino azinitukwana.'"

A Joel anatsegula bokosi la zitsulo n'kutulutsa kapepala ka pulasitiki komangidwa pakamwa. Munali mabuleki atsopano, ndi mawaya ake okulungidwa bwino.

"Loweruka lija anali kubwera kuno. Ati akagulitsa nsawa, ayambira pano asanagule na shuga yomwe. Ninamusungira. Tengani chabe, mayi."

Fanuel anayamba kulira. Nelia anamutsitsa, anamuika kubere, maso ali pakapepala kaja. Anadikira kuti misozi ibwere. Sinabwere. Pachifuwa pokha ndi pamene panasintha. Mkwiyo uja unali utachoka, ndipo pamene unali panatsala dzenje.

"Chaulere ayi," anatero. "Mwini wake sanatenge chaulere. Mawa nditumiza nkhuku."

Mwa nkhuku zimene anthu anabweretsa pachipepeso, inali itatsala imodzi, yomangidwa mwendo kuseri kwa khitchini.

Lachisanu Victor anakatenga njinga ija. Anabwera nayo akupalasa, ndipo polowa pabwalo anaumitsa miyendo, tayala n'kukhwekhwereza fumbi mpaka pamabenchi. ANasakala anaphimba nkhope ndi chitenje. Nelia ankadziwa kuti mawu onenedwa pakhomo la khitchini mwamuna amawakana mosavuta. Anadikira.

Loweruka m'mawa anameta. Tsitsi litasesedwa, katundu wa malemu anamuyala pamphasa: mathalauza awiri, jekete la kutchalitchi, majombo, wailesi, thumba la masipanala. A Bernard ankanyamula chimodzichimodzi n'kutchula dzina la wolandira. Atafika pa njinga, Nelia anadzuka, anapita kuseri kwa nyumba, n'kubwera akukankha yake. Anaigoneka pansi pakati pa anthu, iye n'kugwada.

"A malume, ndipempheko mawu."

A Bernard anayang'ana mlongo wawo. ANasakala anagwedeza mutu.

"Nenani, mayi."

"Alamu, tabwerani muone apa."

Victor anabwera monyinyirika, anawerama. Anaona timadontho tija. Anapala penti ina ndi chikhadabo, anayang'ananso buleki yakumbuyo, n'kukhala chiweramire.

"Awa ndi a njinga ya bambo," anatero. "Afika bwanji apa?"

Nelia anafotokoza zonse mmene anazimvera, osawonjezera, osachotsera. Za kugwa kwake, za njinga ziwiri, za chitsa, za penti. Mawu ake anali osalala ngati akuwerenga mndandanda wa zogula. Atafika pa mawu akuti ndi bwino azinditukwana, mayi wina wa Chigwirizano anagwira pakamwa.

"Munati mukufuna kuikwera mmene ankaikwerera mwini wake," anatero Nelia. "Mwini wake ankaikwera ndi mantha, alamu. M'mawa uliwonse ankagwada kukoka tcheni, ine n'kumati akuisisita ngati mkazi wachiwiri. Zija za miyendo ya ng'ombe ankanenera ine, kuti ndisafunse zambiri. Inu munangotolako nyenyeswa."

"Nanga bwanji sanandiuze ine, mng'ono wawo?"

"Mukanasunga pakamwa, inu?"

Wina kumbuyo anaseka mosafuna, n'kudzigwira. Nelia anamasula nsonga ya chitenje, anatulutsa kapepala kaja n'kukaika pamapazi a Victor.

"Awa ndi amene ankapita kukagula tsiku lija. Ndalipira."

Victor anakayang'ana kapepalako koma sanakatole. Anakanda mutu wake wometa kumene. Amuna onse amene anawasimbira za dzanja limodzi m'thumba anali pomwepo, akumuyang'ana.

"Ndamva, alamu. Koma ine miyendo ndili nayo, ndipo tcheni ndagula chatsopano. Awa sungani, adzakuthandizani anuwa akadzatha."

Nelia anatambasula dzanja, anasolola sipanala m'thumba la malemu lija, n'kuyesa pa nati ya buleki ya njinga yake. Sinakwane. Anatenga ina. Inakwana.

"Ngati atsopanowa simukuwafuna, palibe kanthu. Ndimasula awa abwerere kumene anachokera, poti ndi a njinga ya bambo anu. Amenewa simungawakane. Ine Lachiwiri ndili ndi ulendo wa kumsika, Fanuel kumsana, pamtsetse womwe uja. Ndidzaponda tayala ndi patapata."

"Alamu, musachite masewera."

"Mwandionapo ndikusewera?"

Anakanikiza sipanala. Nati inalira, n'kutembenuka kamodzi. Kachiwiri. Waya unayamba kulendewera.

Victor anagwira sipanalayo ndi manja onse awiri.

"Musamasule. Musamasule, alamu. Anawaika okha pamenepo."

Anaimanganso nati ija, kulimbitsa mpaka mitsempha kutuluka padzanja. Kenaka chimunthu chonsecho chinakhala pansi pafumbi, miyendo tambalale ngati mwana, n'kumasula kapepala kaja ndi mano. A Bernard anaimika fikisi n'kuigwira pachishalo. Victor anayamba kumanga mabuleki akulira, mamina akutsika, osawapukuta. Nati imodzi inamupulumuka n'kugubuduzika. Anaitola ndi amayi ake, n'kumuika m'dzanja.

ANasakala sanabwerere pamalo pawo. Anagwada pafupi ndi njinga ya Nelia, anayendetsa chala patimadontho tija pang'onopang'ono, ngati akusisita nkhope ya mwana wogona.

"Kubisa anayamba ali wamng'ono," anatero. "Chaka cha njala ankabisa mbatata yake m'malaya n'kumati wadya kale. Ndinkaipeza m'manja mwa mng'ono wakeyu."

Anagwira dzanja la Nelia n'kulifinya.

Victor ananyamuka Lamulungu atatuluka m'tchalitchi. Atafika pamene njira imakhotera kuminda, anafinya mabuleki kawiri. Analira kwiikwii, mudzi wonse unamva. Anakweza dzanja osacheuka.

Pofika Lachiwiri pakhomo panali patatsala eni ake okha. Miphika inabwerera kwawo, mabenchi kutchalitchi, phulusa kudzala. Nsawa anazipeta masiku awiri mpaka mchenga kutha. Anasiya Alinafe kwa azakhali ake, anamanga thumba limodzi pakaliyala, anabereka Fanuel amene thupi linali litazizira, n'kukwera.

Pamwamba pa Chamwala mtima unamuuza kuti atsike. Sanatsike. Njinga inaweramira kutsogolo, mphepo ya Julaye inamuwomba pamutu wometa, thumba linayamba kukankha kumbuyo. Anafinya. Njinga inamva. Anamasula pang'ono, anafinyanso, inamvanso. Anatsika choncho, pang'onopang'ono, ngati munthu wotsika makwerero atagwiridwa dzanja.

Ali pakati pa mtsetse anazindikira chinthu chimene kwa miyezi isanu sanachiganizirepo. Zala zake zinkafika. Pa mabuleki ake akale ankachita kutambasula dzanja mpaka chikhatho kusiya handulo, ndipo tsiku lija anagwa anafinya ndi nsonga za zala ziwiri zokha. Koma awa, ochokera panjinga ya mwamuna wa manja ngati mafosholo, ankangomukhala m'dzanja.

Anaima pakamlatho penipeni, n'kutsitsa phazi. Anawerama kuyang'ana zogwirira za mabuleki zija. Zonse ziwiri zinali zopindidwira m'kati, ndipo pansi pa penti pankaoneka mano a pulayala. Izi a Joel sanazinene. Sizinachitikire kwa a Joel.

Ndipo anakumbukira. Ali gone pamphasa ndi bondo lija, tsiku lina masana Bizwick anabwera n'kukhala pambali pake, anamutenga dzanja, analitambasula, n'kuyeza zala zake ndi kaudzu. Anakadula ndi mano pamene chala chapakati chinathera.

"Mukufuna kundigulira mphete?" anamufunsa tsiku limenelo. "Yambani mwagula mchere."

Iye anangoseka, n'kupana kaudzuko kukhutu, n'kutuluka.

Kulira kunayambira m'mimba. Nelia anagwira handulo ndi manja onse awiri, anaika chipumi pabelu, n'kulira mokweza, pakamwa pali yasa, kulira kosasamala za amene akumva. Anamutchula mwamuna wake dzina lake lenileni, limene sanalitchulepo pagulu chikwatiwireni. Fanuel naye anayamba. Amayi amene ankachapa kumunsi kwa kamlatho anasiya zovala pamiyala n'kukwera kumsewu, manja ali ndi thovu. Ataona kuti ndi ndani, sanamugwire, sanamutonthoze. Mmodzi anangogwira thumba la nsawa kuti njinga isagwe, ndipo anaima naye choncho mpaka anamaliza.

Atamaliza anamina, anapukuta nkhope ndi nsonga ya chitenje, n'kuwerenga mumtima monga amawerengera zinthu zonse. Maliro anadya mbuzi imodzi ndi matumba awiri a chimanga. Bokosi linadya chitseko cha kuchipinda ndi matabwa a bedi. Mwa matumba atatu a nsawa anapulumuka awiri, lachiwirilo losadzaza. Mabuleki anadya nkhuku imodzi, yathadzi, yofiira.

Anathokoza amayi aja, anakweza mwana bwino kumsana, n'kuika phazi papedulo. Kutsogolo kunali kamtsetse kena kakang'ono asanafike kuchigayo. Anaika zala pachitsulo chopindidwa chija, ndipo zinakwana.